Ulalo Wopapatiza: Zimene Ndidaphunzira pa Chigayo cha Malume

Malonje

Tsiku limene dzina langa lidatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, amayi adaimba nthungululu mpaka mawu adasasa. Atamva kuti ndikukaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi, anthu a m'mudzi mwathu adamasulira okha kuti ndikukaphunzira ubwana. Kunena zoona, inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Ndinkadziona nditavala tayi, ndili pa mpando wonona, ndikusayinira makalata ndi kuuza ena zochita. Maganizo amenewa adatha m'chaka chachiwiri cha maphunziro anga, ndipo sadathere m'kalasi ayi, koma pa chigayo cha malume anga pa msika wina waung'ono m'boma la Dowa.

M'nkhani ino ndifotokoza gawo limodzi la maphunziro athu, lomwe limaona za mmene ntchito yopanga katundu imayendera m'fakitale kapena pamalo ena aliwonse a ntchito. Ndiyamba ndi kulongosola phunziroli mwachidule pamodzi ndi ena mwa anthu amene adaliyalira maziko. Kenaka ndionetsa mmene ndidayesera kuligwiritsa ntchito pa chigayo, zimene zidatheka komanso zimene ndidalakwitsa. Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti mwini bizinesi asadathamangire kutenga ngongole kapena kugula makina atsopano, ayambe wapeza malo enieni pamene ntchito yake ikuchedwera, pakuti kawirikawiri malowo sakhala pamene maso ake akuloza.

Phunziroli ndi lotani?

Maphunziro a bizinesi ali ndi nthambi zingapo monga kuwerengera ndalama, kutsatsa malonda, kusamalira antchito ndi malamulo a zamalonda. Nthambi imene ndikunena pano imatchedwa operations management. Mafunso ake amaoneka ngati achibwana. Kodi chinthu chimadutsa m'manja angati chisadafike kwa wogula? Pa dzanja lililonse chimakhalapo mphindi zingati? Chimaima pati, ndipo chimakhala chikudikira yani? Tisunge katundu wochuluka bwanji m'nyumba yosungiramo zinthu? Chinthu chikatuluka cholakwika, chidalakwikira pati?

Mafunso amenewa ndi amene amasiyanitsa phindu ndi kuluza. Mwachitsanzo, ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kumene kuli mafakitale a shuga, nzimbe ikangodulidwa imayamba kutaya shuga wake. Choncho odula, onyamula ndi ofinya ayenera kuyendera limodzi. Kudula nzimbe zochuluka kuposa zimene makina angafinye si kulimbikira ntchito, koma kuwononga. Chimodzimodzinso ku Thyolo ndi ku Mulanje: masamba a tiyi akatcholedwa amayenera kufika ku fakitale msanga kuti akafotetsedwe, akaphwanyidwe, asinthe mtundu, aumitsidwe kenaka asankhidwe. Gawo limodzi mwa magawo amenewa likachedwa, ena onse amaima. Wophunzira nthambiyi amaphunzira kuona mzere wonsewo ngati chinthu chimodzi, osati makina amodziamodzi.

Ena mwa amene adayala maziko

M'kalasi tidayamba ndi Frederick Taylor, injiniya wa ku America, amene m'chaka cha 1911 adasindikiza buku lotchedwa The Principles of Scientific Management. Iye ankakhulupirira kuti ntchito iliyonse ili ndi njira imodzi yabwino koposa yoigwirira, ndipo njirayo imapezeka poyeza ndi wotchi. Pa fakitale ya zitsulo ya Bethlehem Steel adayeza ngakhale kulemera kwa zimene munthu anganyamule pa fosholo imodzi kuti agwire ntchito tsiku lonse, ndipo adapeza mapaundi pafupifupi 21. Komabe antchito ambiri adadana ndi njira zake. M'chaka chomwecho cha 1911, antchito a pa fakitale ya zida zankhondo ya Watertown adanyanyala ntchito pokana kuimiridwa ndi munthu wa wotchi m'manja.

Wachiwiri adali Henry Ford. M'chaka cha 1913, pa fakitale yake ya Highland Park ku Michigan, adayambitsa mzere woyenda umene unkabweretsa galimoto kwa wantchito m'malo moti wantchito azilondola galimoto. Nthawi yolumikiza galimoto imodzi ya mtundu wa Model T idatsika kuchoka pa maola oposa 12 kufika pa ola limodzi ndi theka. Koma ntchitoyo idali yotopetsa kotero kuti anthu ankasiya ambirimbiri, ndipo mu Januwale 1914 Ford adakweza malipiro kufika pa madola asanu patsiku, pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene ankalandira kale.

Wachitatu adali Taiichi Ohno wa kampani ya Toyota ku Japan. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Toyota idalibe ndalama zosungira milu ya katundu ngati makampani a ku America. Ohno adasandutsa umphawi umenewu kukhala nzeru. Adaphunzitsa kuti chinthu chizipangidwa pokhapokha chikafunika, pa nthawi yake ndiponso pa mlingo wake. Adatchula mitundu isanu ndi iwiri ya kuwononga: kupanga zochuluka kuposa zofunika, kudikira, kunyamula zinthu uku ndi uku popanda chifukwa, kuwonjezera ntchito yosafunika pa chinthu, kusunga katundu wambiri, kuyendayenda kwa wantchito, ndi kupanga zinthu zolakwika. Zimanenedwanso kuti ankajambula bwalo ndi choko pansi m'fakitale n'kumuuza wophunzira ntchito kuti aime m'menemo maola ambiri, akungopenya, kufikira ataona yekha pamene zinthu zikutayikira.

Wachinayi, yemwe mfundo zake zidandithandiza koposa, ndi Eliyahu Goldratt, katswiri wa fizikisi wa ku Israel. M'chaka cha 1984 adatulutsa buku lotchedwa The Goal, limene adalemba ndi Jeff Cox. Mfundo yake ndi yakuti pa mzere uliwonse wa ntchito pamakhala gawo limodzi lochedwetsetsa, lotchedwa bottleneck, ndipo liwiro la gawo limenelo ndilo liwiro la fakitale yonse. Ola lotayika pa gawo limenelo latayika ku fakitale yonse, pomwe ola lopulumutsidwa pa gawo lina lililonse silionjezera kanthu.

Zonsezi ndidaziloweza bwino ndipo mayeso ndidakhoza. Koma kuloweza ndi kumvetsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, monga mmene tionere.

Vuto la pa chigayo

Malume anga, mlongo wawo wa amayi, ndiwo ankandithandiza pa zosowa zonse za ku sukulu, ndipo ndalamazo zinkachokera pa chigayo. M'nyumba ya chigayocho mudali makina awiri oyendera magetsi: okonola ndi ogaya. Makasitomala adali a mitundu itatu. Ena ankabwera ndi chimanga chongofuna kugayitsa mgaiwa. Ena ankakonoletsa, n'kupita ndi mphale kunyumba kukanyika ndi kuyanika, kenaka n'kubwera tsiku lina kudzagayitsa ufa woyera. Enanso ankakonoletsa, n'kupeta panja pomwepo, n'kugayitsa tsiku lomwelo. Makina onse awiri ankayendetsedwa ndi bambo mmodzi wachikulire amene adagwirapo ntchito zaka zambiri. Bambo yemweyo ndiye ankayeza chimanga m'ndowa ndi kulandira ndalama, chifukwa malume ankakhala kwambiri ku golosale yawo.

Nditafika pa tchuthi, patangopita nthawi yochepa chikololere, ndidapeza malume atamanga kale mfundo. Pa tsiku la msika mzere wa amayi unkafika pamsewu. Ena ankatopa ndi kudikira, n'kusenzanso matumba awo kupita ku chigayo china chimene chidatsegulidwa kumene pa mtunda wa makilomita ochepa, chomwe chidali ndi makina ogaya aakulu. Malume adaganiza zoti nawonso agule makina ogaya aakulu ngati amenewo. Ndalama zake adafuna kukongola, ndipo chikole chidali nyumba yawo ya malata ya pamsikapo, momwe munkakhala banja lawo lonse.

Usiku wina titadya nsima, ndidalimba mtima n'kuwapempha kuti: "Malume, musadasayine mapepala a ngongole, mundilole ndikhale pa chigayo sabata ziwiri, ndingoona mmene ntchito ikuyendera."

Iwo adaseka nati, "Mphwanga, ine chigayo ndachiyendetsa iwe usadayambe ndi sitandade 1 yomwe. Ukaonako chiyani chimene ine sindidachione? Komabe pita, sukulu yako ndikulipira ndine, ndione nawo phindu lake."

Mawu amenewa adandilasa. Ndidazindikira kuti ngongoleyo ikawagwetsa, nyumba ipita ndipo sukulu yanga ithera pomwepo. Komanso ndikawaletsa popanda umboni, makasitomala n'kupitiriza kuthawa, mlandu udzakhala wanga.

Kupenya ndi kuwerenga

Ndidatenga kope ndi cholembera, n'kukhala pa thumba la gaga pakona ya nyumba ya chigayo. Limeneli ndilo lidali bwalo langa la choko. Masiku awiri oyamba sindidaone kanthu kupatula fumbi, phokoso ndi anthu otanganidwa. Aliyense ankaoneka wolimbikira. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa tsiku lachitatu ndidasiya kuyang'ana anthu, ndidayamba kutsata chimanga: ndowa imodzi, kuyambira pamene yatulidwa pamutu mpaka pamene yatuluka pakhomo.

Choyamba chimene ndidaona n'chakuti mzere wautali uja sudali wa ogayitsa. Amayi ambiri a pa mzerewo ankadikira kukonoletsa. Makina ogaya ankatha ndowa imodzi m'mphindi zitatu, kutanthauza kuti akadatha kugaya ndowa 20 pa ola. Makina okonola ankatenga mphindi zisanu ndi imodzi pa ndowa, kutanthauza ndowa 10 pa ola. Nthawi yambiri makina ogaya ankangokhala, pomwe okonola ankasowa mpumulo wa makasitomala.

Chachiwiri chidandidabwitsa koposa. Ngakhale makina okonola akadatha ndowa 10 pa ola, nditawerenga zotuluka ndidapeza ndowa 6 zokha. Ndowa 6 pa mphindi 6 iliyonse ndi mphindi 36. Nanga mphindi 24 zotsalazo pa ola lililonse zinkapita kuti? Ndidazilemba m'kope motere. Zina zinkathera poyeza chimanga, makamaka pamene kasitomala ndi woyendetsa makina akukangana ngati ndowa yadzaza mosefukira kapena ayi. Zina zinkathera pofuna chenji, mwina mpaka kutuma mwana ku golosale. Zina zinkathera pochotsa timiyala, zitsononkho ndi tizitsulo timene tinkabwera pamodzi ndi chimanga. Zinanso zinkatayika pamene bambo uja wasiya makina okonola kuti akathandize wogayitsa mgaiwa. Pa nthawi ya nkhomaliro, makina onse ankazimitsidwa kwa ola lathunthu, mzere uli chiimire.

Apa ndidakumbukira lamulo limene John Little, katswiri wa ku America, adalitsimikiza mwa masamu m'chaka cha 1961. Lamuloli limati chiwerengero cha zinthu zimene zili pa mzere chimafanana ndi liwiro limene zikudutsira kuchulukitsa ndi nthawi imene chilichonse chimakhalapo. Polizondotsa, ukagawa zimene zili pa mzere ndi liwiro, umapeza nthawi yodikira. Pa tsiku la msika ndinkawerenga ndowa pafupifupi 24 zodikira kukonoledwa. Ndowa 24 kugawa ndi ndowa 6 pa ola ndi maola anayi. Mayi wofika 9 koloko m'mawa ankachoka 1 koloko masana, kunyumba atasiya ana ndi ntchito zina. N'chifukwa chake ena ankasenzanso matumba awo. Sankathawa chifukwa cha kuchepa kwa makina ogaya, ndipo makina ogaya aakulu, ngakhale akadakhala aakulu ngati nyumba, sakadachotsa mphindi ndi imodzi yomwe pa maola anayiwo.

Kufotokozera malume

Kupeza mfundo kudali kosavuta poyerekeza ndi kuifotokoza. Zonse zimene ndidaphunzira ndidaziphunzira m'Chingerezi, ndipo nditakhala pansi ndi malume ndidapeza kuti ndilibe mawu. Ndidatenga botolo la madzi n'kulizondotsa kuti ndiwaonetse mmene madzi amachedwera pakamwa pake. Iwo adangondiyang'ana. Ndidayesanso kachiwiri, ndikuloza manambala m'kope. Mwadzidzidzi adandidula mawu.

"Taima kaye, mphwanga. Ukunena za ulalo uja wa mtengo umodzi wa pa mtsinje wa kwathu? Tsiku la maliro anthu amaunjikana kutsidya, n'kumawoloka mmodzimmodzi. Ngakhale mutalambula njira ya kutsidya lino kukhala msewu wa galimoto, owoloka amakhala omwewo."

"Ndi zomwezo, malume," ndidayankha. "Makina okonola ndiwo ulalo. Makina ogaya amene mukufuna kugula ndiwo msewu wa kutsidya lino."

Adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adati, "Ndiye ndikadapinyolitsa nyumba kuti ndikuze msewu wopanda anthu."

Chitsanzo cha malume chidaposa cha m'buku, ndipo kuyambira tsiku limenelo mfundo ya Goldratt ndimaitcha ulalo wopapatiza. Ndidazindikiranso kuti m'kalasi ndinkabisala kuseri kwa mawu a Chingerezi. Liwu lachilendo ukhoza kuliloweza n'kulilemba pa mayeso osalimvetsa. Koma ukafuna kulinena m'Chichewa kwa munthu amene nyumba yake ili pa chikole, umakakamizika kudziwa chimene ukunena.

Masitepe asanu

Goldratt adapereka masitepe asanu othana ndi ulalo wopapatiza, ndipo tidawatsata motere.

Loyamba ndi kupeza ulalowo. Ife tidaupeza pa makina okonola.

Lachiwiri ndi kuonetsetsa kuti ulalowo sukukhala wopanda wowolokapo. Apa sipafunika ndalama zambiri. Msuweni wanga amene adali atangomaliza Fomu 4 adakhala pakhomo kuti aziyeza chimanga ndi kulandira ndalama anthu asadafike pa makina. Tidajambula mzere wa penti m'kati mwa ndowa yoyezera kuti mikangano ithe. Malume ankakonzeratu ndalama zing'onozing'ono za chenji m'mawa uliwonse. Tidaika sefa ya waya panja kuti amayi azichotsa timiyala ali pa mzere, m'malo mongokhala.

Lachitatu ndi kuchititsa kuti zina zonse zizimvera ulalowo. Tidagwirizana kuti makina okonola asaime chifukwa cha wogayitsa. Msuweni uja adaphunzitsidwa kuyendetsa makina ogaya, ndipo pa nkhomaliro awiriwo ankasinthana. Tidadula tizidutswa ta katoni n'kulembapo manambala kuti aliyense azidziwa malo ake pa mzere. Mayi amene nambala yake ili kutali ankatha kukagula mchere ndi sopo pamsika osaopa kulandidwa malo.

Lachinayi ndi kukuza ulalowo. Pokhapokha zitatu zoyambazo zitachitika, m'pamene munthu angaganize zotulutsa ndalama, ndipo ndalamazo zipite pa ulalo, osati kwina.

Lachisanu ndi kubwereranso poyamba, chifukwa ulalo umodzi ukakula, pena pamayamba kupapatiza.

Pofika kumapeto kwa tchuthi, makina okonola ankatulutsa ndowa 8 pa ola m'malo mwa 6. Ndowa 24 zomwe zija tsopano zinkatha m'maola atatu. Sitidafike pa 10, ndipo sitikadafikapo, chifukwa pakati pa kasitomala ndi mnzake makina amayenera kutsitsidwa bwino kuti chimanga chisasakanikirane. Palibe mayi amene angalole kuti mphale yake ipite m'thumba la wina. Malume adaimitsa za ngongole. Chaka chotsatira, pa ndalama zimene adasunga, adagula makina ena okonola ogwirapo kale ntchito. Monga mmene sitepe yachisanu imanenera, vuto lidasamukira pakhonde pamene amayi amapetera, popeza malichero adachuluka kuposa malo.

Pamene ndidalakwitsa

Nkhaniyi ingakhale yabodza nditabisa zolakwa zanga ziwiri, pakuti ndizo zidandiphunzitsa koposa.

Cholakwa choyamba chidali cha Taylor. Ndidayamba kuyeza ntchito ndi wotchi ya pa foni osamufotokozera bambo woyendetsa makina chimene ndikuchita. Kwa masiku angapo sadandilankhule. Tsiku lina atazimitsa makina adanditembenukira nati, "Abwana a ku yunivesite, mukamaliza kuwerengako mundiuziretu tsiku londichotsa ntchito, ndikonzekere." Manyazi adandigwira. Nkhani ya ku Watertown ndidaiwerenga ndi kuilemba pa mayeso, koma ndidachita zomwezo kwa munthu wa msinkhu wa bambo anga. Ndidapepesa, n'kuwaonetsa kope lonse kuti aone kuti ndikutsata chimanga, osati iwo. Atakhutira, adayamba kundiuza zinthu zimene wotchi sikadandiuza: kuti chimanga chosauma bwino chimachedwa kukonoka, kuti chimanga cha makolo chimatulutsa mphale yambiri chifukwa njere zake n'zolimba pomwe mitundu ina yofewa imanyenyeka n'kupita ku gaga, ndiponso kuti kumva kalilidwe ka mota kumawauza nthawi yothira china. Nzeru ya sefa ya panja ija idachokera kwa iwo. Adati adakhala akuiganizira kwa zaka, koma padalibe amene adawafunsapo. M'pake kuti ku Toyota wantchito wa pa mzere amapatsidwa mphamvu yoimitsa ntchito akaona cholakwika: amene ali pafupi ndi makina ndiye amayamba kudziwa.

Cholakwa chachiwiri chidali chotengera nzeru za Ohno osayang'ana kumene ndili. M'kachipinda ka kuseri ndidapeza malamba awiri, masefa a makina ogaya ndi nyundo zosinthira. Ndidauza malume kuti imeneyo ndi ndalama yongogona, ndipo zikatha asagulenso zosunga, azigula pokhapokha china chikawonongeka. Adandimvera. Patapita miyezi ingapo, ine ndili ku sukulu, lamba wa makina okonola adaduka madzulo a tsiku loti mawa lake ndi la msika. Wa saizi yake sadapezeke pafupi, ndipo chigayo chidakhala masiku atatu osakonola kufikira wina atabwera naye kuchokera ku Lilongwe. Zimene zidatayika masiku atatuwo zidaposa kutali mtengo wa lamba.

Njira ya Toyota imayenda bwino pamene opanga zipangizo ali pafupi, misewu ndi yodalirika ndipo mitengo siyisinthasintha. Dziko lathu silidachite malire ndi nyanja yamchere. Zipangizo zambiri za makina zimachokera kunja kudzera ku madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja adakwera mtengo. Magetsi nawo si odalirika nthawi zonse: mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo malowo adabwerera mwakale m'chaka cha 2023. Pamalo otere, kusunga chipangizo cha makina amene ali ulalo wako si kuwononga ayi, ndi chitetezo. Ngakhale a Toyota eniake, chivomerezi chachikulu cha ku Japan cha m'chaka cha 2011 chitawasokoneza, adayamba kuonetsetsa kuti zipangizo zina zovuta kupeza zizisungidwa zokwanira. Goldratt nayenso amalangiza kuti patsogolo pa ulalo pazikhala zosungira kuti usaime. Ine ndidawerenga mutu umodzi wa buku n'kuiwala unzake.

Phindu la phunziroli kwa ife

Ophunzira ambiri a bizinesi timalota za makampani akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kulota koteroko si kolakwika, koma malo ndi ochepa. Pomwe zili choncho, pa msika uliwonse m'dziko muno pali chigayo, malo ophikira buledi, opala matabwa, owotcherera zitsulo, osoka zovala ndi oyenga mafuta a mpendadzuwa. Onsewa ndi mafakitale, ngakhale eni ake sawatcha choncho, ndipo aliwonse ali ndi ulalo wake. Mukafunsa eni ake chimene chikuwavuta, ambiri amayankha kuti mpamba. Nthawi zina yankho limeneli ndi loona. Koma ngongole ili ndi chiwongola dzanja, ndipo walira mvula walira matope. Mpamba wothiridwa pamalo olakwika umangowonjezera katundu pamutu.

Phunziroli silithera pa makina okha. Mzere wa pa chipatala, wa ku banki, ngakhale wa ophunzira olembetsa maphunziro kumayambiriro kwa chaka, umamvera malamulo omwewa. Paliponse pamene anthu aunjikana pali funso loyenera kufunsa: kodi akudikira chiyani kwenikweni, ndipo chinthu chimenecho chimakhala mphindi zingati pa ola chikugwiradi ntchito yake?

Kwa anzanga ophunzira zilankhulo ndili ndi pempho. Amene akufunika nzeru zimenezi koposa ndi anthu onga malume anga, amene sadzawerengapo buku la Goldratt. Mawu oti afotokozere nzeruzi alipo kale pakamwa pa amisiri ndi amalonda, monga mmene ulalo udatulukira pakamwa pa malume. Chofunika ndi anthu oti apite kukawamvera, kuwalemba ndi kuwasanja, kuti wophunzira wa mawa asadzayambe ndi kuzondotsa botolo monga ndidachitira ine.

Mawu omaliza

M'nkhani ino ndafotokoza mwachidule phunziro la kayendetsedwe ka ntchito yopanga katundu, ndatchula ena mwa amene adaliyalira maziko, ndipo ndaonetsa mmene mfundo ya ulalo wopapatiza idathandizira pa chigayo cha malume anga. Taona kuti mzere wautali suuza munthu pamene pali vuto pokhapokha atakhala pansi n'kuwerenga, kuti wantchito wa pa makina ayenera kufunsidwa osati kungoyezedwa, ndiponso kuti nzeru yochokera ku Japan kapena ku America iyenera kuyesedwa kaye pa misewu, magetsi ndi ndalama za kuno kwathu.

Nyumba ya malata ija ikadali m'manja mwa malume, ndipo m'kachipinda ka kuseri mwabwereranso malamba awiri. Ndikapita pa tchuthi, bambo woyendetsa makina amandisungira thumba la gaga pakona pomwe paja. Ubwana umene anthu a m'mudzi ankayembekezera sudafikebe. Chimene ndapeza pakadali pano ndi kope, cholembera ndi chizolowezi chotsata ndowa imodzi kuyambira pakhomo mpaka pakhomo.